Galimoto Yathu Inachita Ng'ala

Koperativa yathu kuno ku Kambulatsitsi ili ndi galimoto imodzi. Ndi yakale. Tinaigula ku Tete titasonkha ndalama za chimanga ndi nandolo. Galimoto imeneyi ndiyo miyendo yathu. Imanyamula tomato ndi kabichi kupita ku msika wa ku Moatize. Nthawi zina imapita ku Zóbuè, kumalire a Malawi. Munthu akadwala usiku, yomweyo ndiyo imathamangira kuchipatala.

Tomato sagwirizana ndi dzuwa. Choncho timanyamuka 3 koloko usiku, kuti kukamacha tikhale titafika.

Tsiku lina mu Juni tinali pamsewu waukulu wa N7. Kutsogolo kwathu kunali bambo wa njinga atanyamula matumba a makala. Njinga yake inalibe nyali. Dalaivala wathu anamuona ali pafupi kale. Anaponda mabuleki mwamphamvu. Bamboyo anagwera m'ngalande, nasupuka bondo. Mabokosi 6 a tomato anakhuthukira pamsewu. Palibe anamwalira, koma tonse tinabwerera kumudzi mitima ili m'mwamba.

Pamsonkhano ena anati dalaivala anali kusinza. Ena anati maso ake atha, tipeze wina. Iye anaimirira nati, “Abale anga, maso anga ali bwinobwino. Tiyeni mukaone maso a galimoto.”

Tinapita tonse. Nyali ziwiri zakutsogolo zinali zachikasu, zopanda kuwala, ngati madzi otsukira mbale. Agogo ena aamuna anazisisita ndi chala nati, “Ana inu, iyi ndi ng'ala.”

Chikasu chimachokera kuti?

Galimoto zakale zinali ndi nyali za galasi. Galasi silisanduka chikasu. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 opanga galimoto anayamba kuika pulasitiki wolimba m'malo mwa galasi. Dzina lake ndi polycarbonate. Pulasitiki ameneyu ndi wopepuka, ndipo mwala ukamugenda sasweka msanga. Mdani wake ndi dzuwa.

Kufakitale amapaka kakhungu kopyapyala pamwamba pa pulasitikiyo kuti kamuteteze. Zaka zikamapita, dzuwa limawotcha kakhunguko. Fumbi ndi mchenga wa pamsewu zimakakanda. Kakatha, pulasitiki amayamba kupsa, nasanduka wachikasu. Kuno ku Tete dzuwa ndi laukali. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Ndiye chifukwa chake nyali zathu zimakalamba msanga.

Kodi chikasucho chimaba kuwala kochuluka bwanji? M'chaka cha 2018 bungwe la eni galimoto ku America lotchedwa AAA linayesa nyali zotere. Linapeza kuti pa magawo 100 a kuwala kwa nyali yatsopano, nyali yachikasu imatulutsa magawo 22 okha. Tiyerekeze ndi munda. Munabzala mizere 100, koma mwakolola mizere 22. Kodi banja lingadye chaka chonse?

Tiwerengenso. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mukangoti “chimodzi, ziwiri, zitatu”, yadutsa mamita 50. Ngati nyali ikuonetsa pafupi pokha, dalaivala alibe nthawi yoimitsira galimoto. Tinamvetsa kuti dalaivala wathu sanalakwe.

Kuyesa kwathu koyamba

Ena anati tigule nyali zatsopano. Msungichuma anatsegula buku. Ndalama zimene zinalipo zinali za mbewu ndi feteleza. Tikanagula nyali, minda ikanalira.

Mnyamata wina anati anamva kuti mankhwala otsukira mano amachotsa chikasu. Tinayesa. Tinapaka, tinakhula ndi kansalu, tinatsuka. Nyali zinawaladi pang'ono, ndipo tinaomba m'manja. Koma pofika mu Ogasiti chikasu chinali chitabwerera. Tinali titalimira pamwamba, mizu ya udzu tinaisiya m'nthaka.

Kenaka makaniko wina wa ku Moatize anatiuza njira yeniyeni. Anati ntchitoyi ili pawiri. Poyamba, chotsani khungu lakufa lonse. Kachiwiri, ikani khungu latsopano. Mukasiya chachiwirichi, mwagwira ntchito pachabe.

Zofunika

Sandipepala wa m'madzi, amene m'masitolo amamutcha lixa. Gulani mapepala atatu: la nambala 1000, la 2000 ndi la 3000.
Ndowa ya madzi oyera ndi sopo.
Nsalu zofewa ziwiri kapena zitatu.
Tepi yomata ndi nyuzipepala zakale.
Polishi wa galimoto. Akasowa, mankhwala otsukira mano oyera aja athandiza.
Vanishi wopopera wa m'chitini. Pachitinipo payenera kukhala zilembo ziwiri izi: UV. Zilembozi zikutanthauza kuti vanishiyo amateteza ku dzuwa.

Manambala amene anatsala pang'ono kutisokoneza

Tsiku la ntchito, anyamata anatenga pepala la 3000 kuti ayambire. Anati nambala yaikulu ndiyo yamphamvu. Mayi wina wa m'kalasi mwathu, amene anaphunzira manambala chaka chathachi, anatembenuza mapepala onse atatu. Anawerenga kumbuyo kwake mokweza. Kenaka anawasisita limodzilimodzi ndi chala.

Anati, “Aphunzitsi, taonani. La 1000 ndi lokhakhala. La 3000 ndi losalala ngati tsamba la nthochi. Kodi posinja timayamba ndi sefa?”

Tonse tinaseka, koma mayiyo ananena zoona. Nambala ikakhala yaing'ono, pepala limakhala lokhakhala. Nambala ikakula, pepala limasalala. Timayamba ndi yaing'ono, timamaliza ndi yaikulu. Tsiku limenelo iye ndiye anali kapitawo wa mapepala.

Kagwiridwe ka ntchito

1. Imikani galimoto pamthunzi. Tsukani nyali ndi sopo. Fumbi lonse lichoke.

2. Matani tepi kuzungulira nyali, kuti pepala lisakande penti wa galimoto.

3. Viikani mapepala m'madzi kwa mphindi 10.

4. Yambani ndi 1000. Khulani cham'mbali, uku ndi uku. Musakanikize kwambiri. Mnzanu azithira madzi nthawi zonse. Madzi otsika adzakhala achikasu. Pitirizani mpaka asanduke oyera ngati mkaka.

5. Tengani 2000. Tsopano khulani chokwera ndi chotsika. Potero mukufafaniza mikwingwirima ya pepala loyamba.

6. Malizani ndi 3000, cham'mbalinso.

Pano nyali idzaoneka ngati ili ndi chifunga. Musachite mantha. Ife titafika apa, agogo aja anagwira m'mutu nati, “Mwaipheratu!” Koma ntchito inali isanathe.

7. Pakani polishi pansalu. Pukutani mozungulira, mwamphamvu, mpaka nyali iwale ndipo babu aoneke bwino mkati.

8. Tsukani polishi yense, ndipo nyali iume gwa. Phimbani galimoto ndi nyuzipepala, nyali yokha ikhale poyera.

9. Popani vanishi pang'onopang'ono. Dikirani aume monga mwalembedwa pachitini, mupopenso kachiwiri. Musapope kukuomba mphepo, chifukwa fumbi lidzamatirira. Dzitchingeni mphuno ndi nsalu, ndipo pafupi pasakhale moto kapena wosuta fodya. Galimoto igone tsiku lathunthu osayenda.

Vanishi akasowa, pakani phula la galimoto mwezi ndi mwezi. Silikhalitsa ngati vanishi, koma kuli bwino kusiyana ndi kusiya pulasitiki pamtunda.

Nyali ziwiri zinatitengera m'mawa umodzi. Usiku tinaimika galimoto moyang'ana khoma la nyumba yosungiramo mbewu, ndipo tinayatsa. Ana anakuwa. Khoma lonse linaoneka, ndi ming'alu yomwe.

Tinene zoona. Nyali yokonzedwa sifanana ndi yatsopano. A bungwe lija anapeza kuti kukonza kotere kumabweza magawo ofika 70 pa 100. Koma kuchoka pa 22 kufika pa 70 ndi kuposa katatu. Ndalama za feteleza sitinazikhudze.

Chenjerani ndi izi

Musapake petulo, thina, mafuta a mabuleki kapena madzi a batire. Musapakenso mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Zina mwa zimenezi zimawalitsa tsiku limodzi, koma zimadya pulasitiki.

Gogodani nyali ndi chikhadabo musanayambe. Ngati ndi yagalasi, monga ya mathirakitala akale, musaikhule. Sopo ndi madzi ndi zokwanira.

Ngati mkati mwa nyali muli madontho a madzi, vuto lili mkati. Pali mng'alu, kapena labala wakumbuyo watha. Kukhula kunja sikungathandize.

Musaike babu wamphamvu kuposa amene galimoto inabwera naye. Amatentha, amawononga mawaya, ndipo amathobwa m'maso anzathu ochokera kutsogolo.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa njinga yamoto, ngati nyali yake ndi ya pulasitiki.

Zimene tinagwirizana

Tinamanga chisakasa cha udzu kuti galimoto isamakhale padzuwa. Dalaivala amapukuta nyali ndi nsalu yonyowa asananyamuke. Nsalu youma imakanda. Mlembi analemba tsiku la ntchitoyi m'buku la koperativa, kuti pakatha miyezi 6 tidzayang'anenso. Munda sitilima kamodzi, nyali nayonso chimodzimodzi.

Tinapepesa kwa dalaivala wathu pamaso pa onse. Bambo wa makala uja tinakamuona kwawo. Tinamutengera dengu la tomato ndi kagalasi kofiira komangira kumbuyo kwa njinga.

Mafunso

1. Kodi n'chiyani chimasandutsa nyali kukhala yachikasu?
2. Lembani manambala awa kuyambira pepala lokhakhala: 3000, 1000, 2000.
3. Galimoto ikuyenda mamita 17 pa sekondi imodzi. Iyenda mamita angati pa masekondi 4?
4. N'chifukwa chiyani chikasu chinabwerera titayesa koyamba?
5. Pitani mukaone nyali za galimoto kapena njinga yamoto ya m'mudzi mwanu. Lembani m'kope zimene mwaona, mudzatiwerengere sabata yamawa.