KALULU AKADWALA, NDALAMA ZICOKERE KUTI?

 Lero ndifuna kukamba nanu za kanyama kamene m'nthano kamapusitsa njobvu ndi mkango, koma kakakhala m'khola nkosalimba ngati mwanapiye. Ndirikunena kalulu woweta. Funso lathu ndi ili: kalulu akadwala modzidzimutsa, ndipo pafunika dotolo ndi mankhwala, ndalama zace zicokere kuti?

Caka catha, m'mwezi wa October, ndinalandira lamya yocokera kwa mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 11, amene akhala pa mudzi wina kufupi ndi Chinyunyu. Iye anati, "Amalume, kalulu wanga sanadye ciyambire dzulo. Wangokhala duu pangodya." Kaluluyo anali wamkazi, ndipo mnyamatayo anamlandira kwa agogo ace ali kamwana. Ankamfunira masamba m'mamawa asanapite ku sukulu, ndipo ana a kaluluyo ndiwo anamgulira nsapato ndi makope. Atate ace atamva kuti mwana afuna kuitana wa Vetenale anaseka nati, "Kalulu ndi ndiwo. Kodi ndiwo ipita ku cipatala? Tenga mpeni asanaonde." Ambiri a inu mukadanena comweco, ndipo mau amenewo si opusa. Koma tiyeni tiyambe taona cimene cimacitika m'thupi la kalulu, kenaka tiweruze.

Cifukwa cace nthawi iri yocepa

Kalulu wa m'khola si mtundu umodzi ndi kalulu wa m'chire amene anyamata amasaka ndi agaru. Makolo ace anacokera ku maiko a Spain ndi Portugal, kumene amakhala m'mauna ozizira pansi pa nthaka. Cifukwa cace dzuwa la October, monga limaombera m'zigwa za Lunsemfwa ndi Luangwa, limamsautsa kwambiri. Kutentha kukapitirira madigiri 30 iye amayamba kubvutika, pakuti satuluka thukuta monga ife. Amataya kutentha ndi makutu ace atali aja.

Cina ndi ici: mimba ya kalulu inapangidwa kuti izigwira nchito usana ndi usiku osaleka. Udzu wouma ndi masamba okhakhala ndiwo amakankha cakudya m'matumbo. Akasiya kudya, matumbo amaima, mpweya umadzaza, ululu umakula, ndipo ululuwo umamletsanso kudya. Kalulu sangathe kusanza kuti apepukidwe. Madotolo a ziweto amati kalulu akakhala maora 12 osadya ndi osagwetsa ndowe zace zozungulira zija, pamenepo pafunika thandizo tsiku lomwelo. Mbuzi ingathe kudikira Lolemba, kalulu iai.

Komanso kanyama aka kamabisa matenda, popeza m'chire nyama yooneka yofooka ndiyo iyamba kugwidwa. Tsono pamene inu muona kuti kalulu wadwala, iye anayamba kale. Zizindikiro zace nzimenezi: kukana cakudya, kukukuta mano, mimba yotupa, kutsegula m'mimba, kupuma ndi kukamwa, dovu pacibwano, kupendeketsa mutu, mamina oyera, nkhanambo m'makutu, kapena mphutsi za nchenche kumatako. Dovu kawirikawiri linena za mano, pakuti mano a kalulu amakula moyo wace wonse, ndipo akapanda udzu wowaperesa amatalika nalasa lilime kapena tsaya.

Poyembekezera thandizo, muikeni pamthunzi, mnyowetseni makutu ndi madzi pang'ono, ndipo muikireni madzi akumwa ndi udzu wanthete. Ngati mimba yauma gwa ngati ng'oma, musamkakamize cakudya. Koposa zonse, musammwetse makapisozi a anthu otsala m'nyumba. Mankhwala a mtundu wa penisilini, monga amoxicillin, akalowa pakamwa pa kalulu amapha tizirombo tabwino togaya cakudya m'matumbo mwace, ndipo iye amafa. Mankhwala ena ophera utitiri pa agaru amamphanso. Ambiri amataya kalulu cifukwa cofuna kupulumutsa ndalama mwa njira imeneyi.

Thandizo liri kuti, ndipo lidya ciani?

Boma la Rufunsa analipatula ku Chongwe m'masiku a Pulezidenti Michael Sata, ndipo ndi dziko lalikuru la mapiri, midzi yace yotalikirana. Thandizo la pafupi ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene ambiri timamucha wa Vetenale. Nchito yace yaikuru iri pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku: matenda a nkhupakupa, kaodzera wa ng'ombe wobwera ndi kashembe, ndi citopa. Komabe nthata za m'makutu a kalulu, zironda, ndi nthenda yotsegula m'mimba mwa ana a kalulu yochedwa coccidiosis, zimenezi angathe kuthandiza.

Nthenda ikakhala yofuna kujambula m'kati kapena kung'amba, ulendo ndi wa ku Lusaka, ngati makilomita 150 kucokera pa Rufunsa. Mseu womwewu wa Great East Road umapyola pa cipata ca Yunivesite ya Zambia, pamene pali sukulu ya madotolo a ziweto yochedwa dzina la Samora Machel. Sukuluyo inayamba m'caka ca 1983, nyumba zace zinamangidwa ndi thandizo la boma la Japan, ndipo iri ndi cipatala ca nyama. M'mzindamo mulinso madotolo ena odziimira paokha.

Ndalama zimapita pa zinthu zitatu: ulendo, kupima, ndi mankhwala. Kwa ife a kumudzi, kawirikawiri ulendo ndiwo udya zambiri, kaya ndi mafuta a njinga yamoto ya mlangizi, kaya ndi mtengo wa basi kupita ndi kubwera. Cifukwa cace nchito yoyamba ndiyo kuimba lamya, kufotokoza zizindikiro zonse, ndi kufunsa mosacita manyazi kuti, "Zonse pamodzi zidzakwana zingati, ndipo ciyembekezo cakuti acira ncotani?" Munthu wopempha asanadziwe mtengo amapempha kawiri, ndipo kaciwiriko anthu amamtembenukira msana.

M'mene a kunja amacitira

Bvuto ili si lathu lokha. Ku London, m'caka ca 1917, mai wina dzina lace Maria Dickin anaona m'mene nyama za amphawi zinkafera popanda thandizo, natsegula kacipinda ka pansi pa nyumba ku Whitechapel kociritsiramo nyama zao kwaulere. Nchitoyo inakula nikhala bungwe la PDSA, limene liripo mpaka lero, ndipo liyenda ndi zopereka za anthu. Ku Britain ndi ku Sweden eni akalulu ena amalipira inshuwalansi pang'onopang'ono, kuti tsiku la tsoka kampani ndiyo ilipire dotolo. Taonani kuti njira ziwiri zonsezi ziri ndi muzu umodzi: anthu ambiri kuponya pang'ono, tsoka lisanafike. Nzeru imeneyi ife tiri nayo kale. Tikamanga denga timaitana mudzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Njira zathu zopezera ndalama

Yoyamba ndiyo kuyambira m'nyumba mwako. Mwini kalulu aonetse cimene iye waika, cingakhale cocepa. Mphwanga uja anali ndi tindalama tace tocokera ku ana a kalulu amene anagulitsa, ndipo amace anagulitsa tambala mmodzi kwa anthu a pamseu. Anthu amathandiza msanga munthu amene wayamba kudzithandiza.

Yaciwiri ndiyo abale. Masiku ano ndalama ziyenda pa lamya, pa Airtel Money kapena MTN, ndipo zifika mphika usanawire. Ine ndinatumiza gawo langa madzulo omwewo. Koma pouza abale a m'tauni, nenani zoona: kuti wodwala ndi kalulu, mtengo ndi wakuti, mwapeza zakuti, zatsala zakuti. Wonamizira kuti wadwala ndi mwana adzapeza ndalama lero, koma tsiku limene mwana adzadwaladi lamya yace sidzayankhidwa.

Yacitatu ndiyo cilimba kapena banki ya m'mudzi. Mlongo wanga anapempha anzace a cilimba kuti asinthane naye mwezi wolandira, ndipo mai wina anabvomera. Apa palibe cotayika, koma kungosinthana malo pa mzere.

Yacinai ndiyo kugulitsiratu. Kalulu wamkazi amatenga bere masiku ngati 31, ndipo amaswa ana 6 kapena 8 nthawi imodzi, nthawi zina koposa. Tsono mungauze mnansi kuti, "Ndithandizeni lero, akaswa mudzatenga awiri." Koma panganani poyera cimene cidzacitike ngati kaluluyo afa, kuti cibale cisathere pa khola.

Njira imene ndikukanizani ndiyo kaloba. Ciongoladzanja ca kaloba cimakula msanga koposa m'mene akalulu amaswanirana, ndipo mungapulumutse kalulu mmodzi ndi kutaya mbuzi.

Njira yoposa zonsezi ndiyo thumba lokonzeratu. Tiyerekeze kuti mabanja 10 oweta akalulu ndi nkhuku apangana kuponya K5 banja liri lonse pa mwezi. Pa mwezi zikwana K50, pa caka K600. Ndalama zimenezo zingagule mafuta a mlangizi ndi mankhwala, ndipo iye akabwera aone makola onse ulendo umodzi, mtengo wa ulendo ugawikane. Sankhani msungicuma wokhulupirika, gulani buku, lembani dzina la wopereka ali yense ndi cimene wapereka, pakhale mboni ziwiri potulutsa ndalama, ndipo lisiti la mankhwala lionetsedwe kwa onse. Zopereka zambiri zimafa cifukwa ca kusowa buku, si cifukwa ca umphawi.

Pamene sipayenera kusonkha

Tsopano tibwerere kwa atate aja. Ziripo nthawi zimene mau ao ali oona. Ndalama za mbeu, za feteleza, kapena za ulendo wa mwana wodwala wopita ku cipatala ca St Luke's kwa Mpanshya, zisakhudzidwe cifukwa ca kalulu. Munthu ndiye ayamba.

Ziriponso nthenda zimene ndalama sizingacize. Kalulu wothyoka msana, amene akoka miyendo yakumbuyo, kawirikawiri sacira. Ndipo msana umathyoka pomnyamula ndi makutu iye nkumaphiriphitha, cifukwa cace mnyamuleni ndi manja awiri, lina pansi pa cifuwa, lina pansi pa matako. Kulinso mliri wa akalulu wokhetsa mwazi m'kati, umene unayamba kudziwika ku China m'caka ca 1984, ndipo mtundu wace watsopano unapezeka ku South Africa cakumapeto kwa 2022. Umapha m'masiku owerengeka, ulibe mankhwala ociritsa koma katemera yekha, ndipo sugwira anthu. Akalulu akayamba kufa motsatana popanda cifukwa cooneka, musasonkhe za mankhwala, musagulitse otsalawo, koma dziwitsani a ofesi ya ziweto msanga. Dotolo akanena kuti ciyembekezo palibe, cifundo ndico kuthetsa ululu mwamsanga. Nyama yofa ndi nthenda, kapena imene yangolasidwa jekeseni, musadye, ikwirireni mozama.

Koma pamene nthenda iri yocizika ndipo mtengo uli wotheka, kuwerengera kwa "kalulu ndi ndiwo" kumaperewera. Wamkazi wabwino mmodzi ndiye mbeu ya khola lonse, ndipo ndowe zace ndi manyowa a dimba. Ndiponso mwana amene waphunzira kuti colengedwa cimene ciri m'manja mwace sicitayidwa tsiku loyamba la bvuto, waphunzira cinthu cimene cidzathandiza makolo ace omwe akadzakalamba.

Mlangizi anafika m'mawa mwace. Anapeza kuti khola linali la denga la malata, loima padzuwa, ndipo kaluluyo ankadya gaga wambiri, udzu pang'ono. Anamlasa jekeseni wothetsa ululu, namthira madzi a mankhwala pansi pa khungu, naphunzitsa mnyamatayo kumdyetsa masamba osinja pang'onopang'ono. Tsiku lacitatu ndowe zinaonekanso pansi pa khola, ndipo sindinamvepo munthu akukondwera ndi ndowe monga anacitira mwana uja pa lamya. Ndalama zinatsalako pang'ono. Iye anayenda nyumba ndi nyumba kuuza onse amene anapereka, ndipo iwo anati zikhale ciyambi ca thumba la oweta. Atate ace sananene kuti analakwa, pakuti akuru sanena zotere, koma Loweruka lotsatira anamweta udzu nafolera kholalo, nalisunthira pansi pa mtengo wa mango.

Tsono inu oweta, mankhwala osalipira ndi awa: mthunzi, madzi oyera tsiku ndi tsiku, udzu wouma wosasowa, masamba monga kholowa ndi cisoso, gaga wocepa, khola losesedwa, ndi kupatula kalulu wacilendo milungu iwiri asanasakanizidwe ndi anzace. Lembani nambala ya mlangizi wanu lero lomwe, ndipo pa msonkhano wanu wa cilimba ukudzawu kambiranani za thumba lija.