Mmene Kachirombo ka Kolera Kamazindikiridwira mu Labotale

Ku Lifuwu, m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi m'boma la Salima, moyo wa anthu wagona pa madzi: ena ndi asodzi, ena ndi alimi a mpunga. Koma madzi omwewo akadetsedwa ndi chimbudzi amafalitsa kolera, nthenda imene inafika m'dziko muno mu 1973. Mliri umene unabuka mu 2022 unapha anthu opitirira 1,700, ndipo Salima linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri.

Si kutsegula m'mimba konse kumene kuli kolera. Tizirombo toyambitsa kamwazi ndi taifodi timapezekanso m'chimbudzi, ndipo ngakhale pa maikulosikopu n'kovuta kutisiyanitsa. Chifukwa chake anthu a mu labotale amayang'ana chakudya chimene kachirombo kamadya ndi zimene kamatulutsa.

Chimbudzi pang'ono cha wodwala chimaikidwa mu mankhwala osungira otchedwa Cary-Blair kuti tizirombo tisafe pa ulendo wopita ku labotale. Kumeneko amachipaka m'mbale ya chakudya chobiriwira chotchedwa TCBS, naisunga pa kutentha kwa madigiri 37 kwa maola 18 mpaka 24. Kachirombo ka kolera, Vibrio cholerae, kamadya shuga amene ali m'chakudyacho n'kutulutsa asidi, motero timagulu take timaoneka tachikasu.

Umboni umenewu sukwanira paokha. Tizirombo tija amatimeretsanso m'mbale ina, kenaka amatipaka pa kapepala konyowetsedwa ndi mankhwala a oxidase. Ngati ndi ka kolera, kapepalako kamasanduka kapepo m'masekondi 10. Tizirombo ta kamwazi ndi taifodi sitisintha mtundu wake. Potsiriza amatisakaniza ndi dontho la antiserum O1, ndipo tikaundana ngati mkaka wosasa, kolera yatsimikizika.

Yankho limeneli limathandiza Unduna wa Zaumoyo kulengeza mliri msanga, kutumiza kolorini m'midzi, ndi kusankha mankhwala oyenera.

Komabe ntchito yonseyi imatenga masiku awiri kapena atatu, pamene kolera ingathe kupha munthu m'maola oŵerengeka. Choncho aliyense wotsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga asadikire yankho la ku labotale. Amwe Thanzi ORS nthaŵi yomweyo, ndipo abale athamangire naye ku chipatala cha Lifuwu. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi, ndipo madzi a m'nyanja aŵiritsidwe kapena athiridwe kolorini asanamwedwe.