Khansa inatha, koma musaiwale mtima ndi mafupa

Munamaliza mankhwala a khansa ku Kamuzu Central, munabwerera kwanu ku Dedza, tsitsi linameranso. Papita zaka. Tsopano mukamakwera chitunda pochokera kudimba mukupuma wefuwefu, pomwe kale munkadutsa mutasenza thumba la mbatatesi. Ambiri amangoti ndi ukalamba, kapena ndi phiri. Mwina ayi.

Mankhwala ena opha khansa amapwetekanso mtima. Odziwika kwambiri ndi doxorubicin, ofiira aja olowera pa diripi, omwe amaperekedwa pa khansa ya m'mawere ndi ya lymphoma. Amatha kufooketsa mnofu wa mtima, ndipo vutolo likhoza kuonekera ngakhale patatha zaka 10. Chiopsezo chimakula ngati munalandira ochuluka, ngati munali mwana panthawiyo, kapena ngati munalandiranso radiotherapy pachifuwa, makamaka kumanzere. BP, shuga ndi fodya zimaonjezera vutolo.

Si onse amadwala, ayi. Koma mapazi akayamba kutupa, mpweya ukamabanika mukagona chagada, kapena mtima ukamagunda modumphadumpha, pitani kuchipatala osadikira. Mankhwala othandiza mtima wofooka alipo, ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga.

Mafupa ndiye amafooka mwakachetechete. Mayi amene anachotsedwa mazira, kapena analandira radiotherapy m'chiuno chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero, amasiya kusamba nthawi isanakwane, ndipo thupi limataya estrogen yomwe imalimbitsa mafupa. Letrozole, kumwa prednisolone nthawi yaitali, komanso tenofovir wa m'ma ARV nawo amapepuza mafupa. Musasiye mankhwalawa panokha; kambiranani ndi dokotala. Ambiri amazindikira atathyoka dzanja poterereka pang'ono m'matope, kapena msana utayamba kupweteka mosalekeza. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga, bonongwe, mkaka, kuwothera dzuwa ndi kuyenda tsiku lililonse zimathandiza. Kachasu amabweza zonsezi m'mbuyo.

Chomwe chimasokoneza kawirikawiri n'chakuti wokuonani pa chipatala cha boma ku Dedza, ku Mua kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanu sanalipo pamene munkalandira mankhwala. Sangalote. Sungani buku lakale la kuchipatala, ngakhale linadzaza, ndipo mukapita ku Lilongwe pemphani akulembereni dzina la mankhwala, kuchuluka kwake ndi chaka. Jambulani tsambalo pa foni. Mukalowa kwa dokotala, yambani n'kunena kuti, "Ndinalandirapo mankhwala a khansa," kenako funsani ngati mtima wanu ukufunika kujambulidwa.