Msewu ndi njanji zikafuna malo a anthu ku Cuamba, Mandimba ndi Ngauma

M'dziko la Mozambique nthaka yonse ndi ya boma. Mfundoyi inakhazikika dzikolo litalandira ufulu mu 1975, ndipo malamulo aakulu a 2004 anaibwereza kuti nthaka siigulitsidwa ndiponso siikidwa chikole. Chotero boma likafuna kukuza msewu kapena kukonza njanji, nkhani siyambira pa mtengo wa malo. Imayambira pa ufulu umene munthu wokhala pamalopo ali nawo, kenako pa mtengo wa zimene anamanga ndi kudzala. Anthu a kummwera kwa chigawo cha Niassa, m'maboma a Cuamba, Mandimba ndi Ngauma, akumana ndi nkhaniyi kawiri m'zaka zapitazi, poyamba ndi njanji, kenako ndi msewu wa tala wopita ku Lichinga.

Njanji yochokera ku doko la Nacala imagawikana pa Cuamba, tauni imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo. Nthambi imodzi imakwera kumpoto kudzera ku Mitande ndi ku Catur, ndipo inafika ku Lichinga, komwe panthawiyo kunkatchedwa Vila Cabral, mu 1969. Ina imalowera kumadzulo ku Entre Lagos n'kuwolokera ku Nayuchi m'Malawi, ndipo inatsegulidwa mu 1970. Nkhondo yapachiweniweni inawononga njanjizi. Mtendere utabwera, sitima ya ku Lichinga inkayenda mwa apo ndi apo, ndipo ulendo wake unkatha masiku. Zinthu zinasintha kampani ya Vale itafuna njira yotulutsira malasha a ku Moatize: njanji ya makilomita 912 inamangidwa ndi kukonzedwa kudutsa m'Malawi mpaka ku Nacala-a-Velha, ndipo nthambi ya makilomita 262 ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu Novembala 2016. Msewu wa N13, umene umayenda pafupifupi makilomita 300 kuchoka ku Cuamba kudutsa ku Mandimba ndi ku Massangulo mpaka ku Lichinga, unali wafumbi. Bungwe la boma loyang'anira misewu la ANE linauika tala m'zigawozigawo, ndi ndalama zimene zina zinali ngongole zochokera ku African Development Bank ndi ku bungwe la Japan la JICA, lomwe linasaina ngongole yake mu 2013.

Kufunika kwa ntchitozi palibe amene angakukane. M'nyengo yadzinja msewu wakale unkasanduka matope, malole n'kutitimira, ndipo minibasi zimene kumeneko amazitcha chapa zinkatha tsiku lathunthu pa ulendo umene lero ndi wa maola ochepa. Simenti, mafuta ndi mchere zinkakwera mtengo ku Lichinga chifukwa cha mayendedwe, pamene chimanga, nyemba ndi fodya wa alimi zinkavuta kufika kumsika. Uku ndiko kukomera anthu onse kumene lamulo limanena polola boma kuchotsa munthu pamalo pake. Koma phindu la msewu limagawidwa kwa anthu a chigawo chonse, pamene mtolo wake umagwera mabanja owerengeka amene nyumba zawo, mashopu ndi minda zili m'mphepete.

Lamulo la nthaka la 1997, lomwe nambala yake ndi 19/97, limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo. Ufuluwu umadziwika ndi dzina lachidule lakuti DUAT. Munthu amaupeza chifukwa chokhala pamalo motsata mwambo wa kwawo, kapena chifukwa chowagwiritsa ntchito mopanda chinyengo kwa zaka zosachepera khumi, kapenanso popempha chilolezo ku boma. Chofunika kwambiri kwa mlimi wa ku Ngauma ndi chakuti kusowa chikalata sikuchotsa ufuluwu. Umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi umakwanira kutsimikizira kuti munda ndi wa banja lakuti. Nyumba, khola, chitsime ndi mitengo yodzala ndi chuma chenicheni cha mwini wake, ndipo ana ake amalowa m'malo mwake iye akamwalira.

Ufuluwu ungathe kuchotsedwa ngati malowo akufunika pa ntchito yokomera anthu onse. Ndime 82 ya malamulo aakulu imati kulanda chuma cha munthu kumaloledwa pa chifukwa chotero chokha, ndipo kumafuna chipukuta misozi choyenera. Ndime 18 ya lamulo la nthaka imaonjezera kuti malipirowo abwere ufuluwo usanachotsedwe. Thirakitala siyenera kugwetsa khoma la munthu amene akudikirabe ndalama zake.

Povuta penipeni pali pa ndime 8 ya lamulo lomwelo. Ndimeyi imapatula malo otetezedwa m'mbali mwa njira: mamita 50 mbali iliyonse kuchokera pakati pa njanji, mamita 30 m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndi mamita 15 m'mbali mwa misewu yaing'ono. Imapatulanso makilomita awiri motsata malire a dziko, zomwe zimakhudza midzi ya kufupi ndi chipata cha pakati pa Mandimba ndi Chiponde. M'malo otere munthu sangapeze DUAT. Angathe kungolandira chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Kutsata lamulo mouma, nyumba yomangidwa mamita 20 kuchokera pa njanji ilibe ufulu wa nthaka, ngakhale itakhalapo zaka zambiri.

Anthu sanakhale m'malo amenewa chifukwa cha mwano. Midzi ina inalipo lamulo la 1997 lisanalembedwe. Pa nthawi ya nkhondo anthu ankathawira m'matauni ndi pafupi ndi masiteshoni kumene kunali asilikali, ndipo ena ambiri anawolokera ku Malawi, dziko lomwe linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwererawo anamanga kumene kunali njira, msika ndi chipatala. Njanji imene sitima inkadutsapo kamodzikamodzi sinkaoneka yoopsa, ndipo panalibe zipilala zoonetsa malire a malo otetezedwa. Kuwonjezera apo, m'mphepete mwa msewu ndimo muli malonda. Mayi wogulitsa tomato, wokonza njinga, mwini chigayo ndi mwini kagolosale onse amadya chifukwa cha anthu odutsa. Kuwasunthira mkati mamita ochepa chabe kungathe kuwachotsera makasitomala onse.

Apa malamulo a obwereketsa ndalama anathandiza. African Development Bank ndi JICA amafuna kuti ntchito isanayambe pakhale dongosolo lolembedwa la kasamutsidwe ka anthu, kuti katundu alipiridwe pa mtengo wokwanira kumanga wina watsopano, ndiponso kuti ngakhale munthu wopanda ufulu wa nthaka alipiridwe zimene anamanga ndi kuthandizidwa kusamuka. Chitetezo chotere n'chabwino, koma chimadalira amene wapereka ndalama. Ntchito yolipiridwa ndi khonsolo kapena boma lokha, monga kukuza kamsewu ka m'tauni kapena kumanga pokwerera chapa, imatsata lamulo la dziko lokha, ndipo wokhala m'malo otetezedwa amakhala wopanda pogwira.

Mphamvu pa nkhaniyi zili m'manja angapo. Cuamba inakhala ndi khonsolo yake yosankhidwa mu 1998, ngati imodzi mwa matauni oyamba 33 a m'dzikolo, ndipo Mandimba inatsatira mu 2013. Makhonsolowa ndiwo amagawa mapuloti m'madera okhala ndi mapulani a tauni, amayendetsa misika ndi kusamala misewu ya m'kati. Ku Ngauma kulibe khonsolo yotere, ndipo zonse zimadutsa ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma ndi kwa mafumu, amene m'Chipwitikizi amatchedwa régulo. Msewu wa N13 ndi wa ANE ngakhale pamene ukudutsa pakati pa tauni, ndipo njanji ili m'manja mwa kampani imene boma linaibwereka njirayo. Chotero khonsolo nthawi zambiri siyo imayambitsa kusamutsa anthu, koma ndiyo imayenera kupeza mapuloti atsopano ndi malo ena a msika, ndipo ndi pakhomo pake pamene odandaula amayamba kufika.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kalembera. Akatswiri amayenda nyumba ndi nyumba pamodzi ndi mfumu kapena mlembi wa dera, kuyeza makoma, kulemba ngati nyumba ndi ya njerwa zootcha kapena zosaotcha, yofolera malata kapena udzu, ndi kuwerenga mitengo. Tsiku la kalembera limakhala malire: chomangidwa pambuyo pake sichilipiridwa. Cholinga chake ndi kuletsa anthu kumanga zisakasa usiku kuti alandire ndalama. Koma ntchito za misewu zimachedwa, ndipo pakati pa kalembera ndi malipiro pangathe kudutsa zaka. M'zaka zimenezo banja limaopa kukonza denga kapena kuwonjezera chipinda, ana amakula n'kukwatira, ndipo mtengo wa simenti ndi malata umakwera pamene chiwerengero cha ndalama cholembedwa papepala chili pomwepo.

Mbewu ndi mitengo ya zipatso zimawerengedwa motsata mndandanda wa mitengo wochokera ku ofesi ya zaulimi. Chimanga cha m'munda n'chosavuta, chifukwa chimakololedwa chaka chomwecho ndipo kawirikawiri mlimi amaloledwa kukolola asanachoke. Mango ndi nkhani ina. Mtengo umene wakhala ukubala kwa zaka zambiri sungalowedwe m'malo ndi mbande, ndipo malipiro oyenera ayenera kuwerengera zaka zonse zimene banja lidzadikire kuti watsopano uyambe kubala. Dimba la m'dambo limavutanso kwambiri, popeza malo achinyontho ndi ochepa ndipo onse ali kale ndi eni ake. Pa nyumba, malangizo a boma a mu 2010, a nambala 181/2010, amachotsera mtengo molingana ndi ukalamba wa nyumbayo. Mwini nyumba yakale angathe kulandira ndalama zosakwanira kumanga ina yofanana nayo, ndipo apa ndi pamene lamulo la dziko limasiyana kwambiri ndi zofuna za obwereketsa ndalama aja.

Lamulo la kagawidwe ka malo la 2007 ndi malangizo ake a 2008 amazindikira kuti munthu sataya makoma okha. Amatchula zotayika zosagwirika ndi manja, monga kuyandikana ndi njira, komanso kusokonekera kwa ubale pamene banja latalikirana ndi abale ake ndi manda a makolo. Nkhani ya manda imafuna ulemu waukulu m'dera limene muli Asilamu ambiri pakati pa Ayao, pamodzi ndi Amakhuwa ndi Anyanja. Okonza mapulani amayesa kukhotetsa njira kuti apewe manda, ndipo zikakanika, kufukula kumachitika banja litavomera, ntchitoyo n'kulipira zofunika pa mwambo.

Pali vuto lina limene fomu ya kalembera siliona bwino. Ayao ndi Amakhuwa ambiri amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mwamuna amakakhala kwa mkazi wake pachikamwini. Munda ndi malo a nyumba zimakhala za mkazi ndi abale ake. Fomu ikafunsa dzina la mutu wa banja, kawirikawiri limalembedwa la mwamuna, ndipo ndalama zimafikira m'manja mwake. Ukwati ukatha, mkazi amatsala wopanda munda ndiponso wopanda malipiro. Njira yosavuta yopewera izi ndi kulemba maina a onse awiri ndi kuonetsetsa kuti mkazi alipo pa tsiku lolandira. Ochita lendi nawonso amaphonyeka, chifukwa malipiro a nyumba amapita kwa mwini wake.

Malamulo a kasamutsidwe ka anthu anakhwima chifukwa cha zimene zinachitika kumapeto ena a njanji yomweyi. Mu 2009 ndi 2010 Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize, ambiri a iwo kupita ku Cateme. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji ya malasha podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabala. Pa 8 Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa lamulo la nambala 31/2012. Limati wosamutsidwa akhale ndi moyo wofanana ndi wakale kapena woposa, ndipo dongosolo la kusamutsa livomerezedwe ndi boma la deralo pambuyo pa misonkhano ya anthu yosachepera inayi. Limatchulanso nyumba ya zipinda zogona zitatu ya masikweya mita 70, ndi puloti yosachepera masikweya mita 800 m'tauni kapena 5,000 kumudzi.

Lamuloli linalembedwa poganizira mudzi wonse wosamuka nthawi imodzi, monga zimakhalira pa mgodi. Msewu ndi njanji zimadula mosiyana. Zimatenga khonde la nyumba iyi, mizere ingapo ya munda uwo ndi shopu ya pakona, pa mtunda wa makilomita mazana. Ambiri okhudzidwa sapita kumudzi watsopano, amangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kulandira ndalama. Ndalama za m'manja zimatha msanga, makamaka zikafika m'miyezi ya njala, ndipo kwa mlimi amene wataya gawo lalikulu la munda, malo ena olima ndi ofunika kuposa ndalamazo.

Wosakhutira ndi malipiro amayamba kwa mfumu kapena mlembi wa dera, kenako ku komiti ya kasamutsidwe ya boma kapena ku khonsolo, ndipo pomalizira ku khoti loweruza milandu ya pakati pa nzika ndi boma. Njira yomalizayi ndi yotalika kwa munthu wa ku Itepela kapena ku Mitande, ndipo zikalata zake zili m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene alimi ambiri sawerenga. N'chifukwa chake misonkhano yochitika m'Chiyao, m'Chimakhuwa kapena m'Chinyanja, ndi pepala la kalembera losiyidwa m'manja mwa mwini katundu, zimateteza anthu kuposa khoti.

Ndondomeko yatsopano ya nthaka imene boma linavomereza mu 2022 inasunga mfundo yakuti nthaka ndi ya boma, choncho malo otetezedwa m'mbali mwa N13 ndi njanji akadalipo. Tala itaikidwa, magalimoto amathamanga ndipo malonda a m'mphepete amakula, zomwe zimakokera anthu kubwerera pamalo omwe anachotsedwapo. Makhonsolo a Cuamba ndi Mandimba, pamodzi ndi boma la Ngauma, ali ndi ntchito yoika zipilala zooneka, kupatula malo a misika pafupi ndi poimira magalimoto, ndi kukonza powolokera anthu ndi ziweto, kuti mabanja omwewo asadzasamutsidwenso msewu ukadzafuna kukuzidwa.