MIYESO YA KU CHINA: PHUNZIRO KWA ALIMI A KU KATONDWE

Mlimi wa ku Katondwe pogulitsa cimanga ndi debe kapena meda amangodalira cilungamo ca wogula. Debe lofutukuka limameza cimanga cambiri, koma mtengo sukwera ai.

Anthu a ku China, amene anatithandiza kumanga njanji ya TAZARA kucokera mu 1970 kufikira mu 1975, anali nalo kale bvuto lotere. Muyeso wao wa kulemera, wochedwa jin, unali kusiyana malo ndi malo. Mu 1929 boma lao linalamula kuti jin akhale theka la kilogramu, ndi kuti chi, muyeso wa nsalu, akhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mita. Li, muyeso wa mtunda, anakhala theka la kilomita. Majin 100 amachedwa dan, ndiwo makilogramu 50, monga thumba lathu la cimanga.

Maina a makolo sanawataye, koma anawamangirira ku sikelo. Inunso alimi, pimani debe lanu pa sikelo kuti mudziwe makilogramu olowamo. Wogula akabwera ndi debe lace, kanani. Thukuta lanu lisapite caulere.