ZIDA ZA NCHITO YA ZIKOPA: TIZISULE TOKHA PAMUDZI

Kukakhala ukwati kapena maliro pamudzi timapha mbuzi, mwina ng'ombe. Nyama timagawana, nanga cikopa cimapita kuti? Kawirikawiri ticiponya patsindwi, agalu ndi nchenche n'kumalimbirana. Mawa lake munthu yemweyo akwera njinga kupita ku Ulongwe kukagula cingwe ca nailoni comangira goli. Tikafunsa, ayankha kuti: "Nanga zida ndizitenge kuti ine?" Lero tifuna kuonetsa kuti zidazo zili pakhomo pathu pomwe. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kumene tacokera

Angoni a Maseko atakhazikika ku phiri la Domwe ca m'ma 1870, mu ulamuliro wa Cidyaonga, cikopa cinali cuma. Ca ng'ombe ankapangira zishango, ca mbuzi ndi ca nyama za m'chire ankapangira zibiya, nguwo ndi mbereko zoberekera ana. Acewa amene anawapeza kuno ankakunga naco ng'oma. Wosula zitsulo ankafuna mvukuto wa cikopa ca mbuzi kuti moto wake uyake, ndipo wofufuta zikopa ankafuna mpeni wa wosulayo. Anthu awiriwa ankadalirana, sitolo panalibe.

Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inaononga ng'ombe zambiri kuno ku Angonia ndi ku Tsangano. Ambiri a ife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinabwerako manja ali m'khosi. Masiku amenewo ndiwo anatikumbutsa kuti sipoko ya njinga yothyoka si cinyalala. Makola anadzazanso pang'onopang'ono, koma madoda odziwa nchitoyi akutha mmodzimmodzi.

Citsulo cabwino ndi citi?

Si citsulo ciliconse cimene cisunga kuthwa. Msomali wamba ndi wofewa, ungaunole bwanji ubuntha msanga. Zitsulo zolimba ndi izi: tupa yakutha, sowo yodulira zitsulo yothyoka, sipuling'i ya galimoto, sipoko ya njinga ndi msomali wa konkire. Tupa ndi sipuling'i zifuna wosula. Iye aziika pamakala kufikira zitafiira, azisula, ndi kuziviika m'madzi kapena m'mafuta. Pambuyo pake azifunditsanso pang'ono, apo ai citsuloco cikhala cophweka kuthyoka ngati galasi.

Mpeni wosendera ndi copalira

Cikopa cimaonongeka tsiku loyamba lomwe. Mpeni wosongoka uboola ndi kusiya mabala, ndipo cingwe codulidwa pa cikopa cotere ciduka pamene ngolo ili pacitunda. Mpeni wosendera ukhale ndi nsonga yozungulira. Tikhoza kutenga mpeni wakale n'kuunola pamwala kufikira nsongayo itatha. Posenda mbuzi, mpeni ungotsegula njira, kwinako tikankhe ndi nkhonya.

Tikasenda tipale mnofu ndi mafuta onse otsalira. Kakhasu kakutha kapena kasemasema agwira bwino nchitoyi, cikopa titaciyala pa cipika cosalala. Poyanika tiseme ziciri za nsungwi, tiboole m'mphepete mokhamokha. Koposa ndi kumanga mitengo inai ngati cimango ca citseko, cikopa n'kucikunga pakati ndi luzi, pamthunzi popita mphepo. Dzuwa lamphamvu liumitsa kunja, m'kati mukali mwamuwisi, ndiye cimaola. Amene ali ndi mcere awaze ku mbali ya mnofu. Ofuna kucotsa ubweya aciviike m'madzi a phulusa kapena a laimu masiku angapo, kenaka atsuke kwambiri.

Lisungulo la sipoko

Ici ndico cida ca osoka nsapato amene timawaona pamsika. Dulani sipoko kutalika ngati cala capakati ndi theka. Mbali imodzi muiphwathalitse pang'ono ndi nyundo, muisongole pamwala, ndipo pafupi ndi nsonga muceke kamphako kopendeka ndi tupa kuti pakhale ngati mbedza. Mbali inayo muikhomere mu cigwiriro ca mtengo wolimba, pakamwa pake mukulunge waya kuti cisang'ambike.

Kasokedwe kake nkotere: mulasa cikopa ndi lisungulo, mukola ulusi kuseri, muukokera kuno ngati khwekhwe, mupisa nsonga ina ya ulusi m'khwekhwemo, n'kukoka zonse ziwiri. Makolo ankasokera mitsempha ya kumsana kwa ng'ombe, youmitsa ndi kuing'amba timizere. Ife tili ndi linya la m'matayala akutha. Mulipake phula la njuci kuti lisalowe madzi. Kuti msoko uyende molingana, dindani cikopa ndi foloko yakale musanaboole. Timatabwa tiwiri tomanga ndi mphira ya cubu, topanidwa ndi maondo, tigwira nchitoyo kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Zodulira ndi zoboolera

Cidutswa ca sowo cinoledwe mbali yopanda mano, kogwira kukulungidwe ndi mphira. Cimeneci cidula lamba ndi nkhwaira mosavuta. Mabowo a lamba tiboola ndi kapaipi kacitsulo konoledwa kukamwa. Tiike cikopa pamutu pa citsa ndi kumenya ndi cibonga ca mtengo, osati nyundo, kuopa kuphwanya kapaipiko. M'mphepete tisalaze ndi fupa kapena ndi botolo.

Mwala ndi nthambi

Cida cacikulu copangira zingwe za ng'ombe sicigulidwa konse. Cikopa conyowa cidulidwa mozungulira kuyambira kunja kulowa m'kati, cikhala mzere umodzi wautali wa zala ziwiri m'lifupi. Mzerewo upacikidwa pa nthambi yolimba mobwerezabwereza, kunsi kwake amangako mwala wolemera. Munthu apisa mtengo, azungulira kufikira cingwe citapotana ndipo mwala wakwera. Asolola mtengowo, mwala utsika ukuzungulira, iye apotanso cobwerera. Apaka mafuta a ng'ombe, nacita comweco masiku angapo mpaka cingwe cifewe. Ana asayandikire pamene mwala ukutsika. Cingwe cotere cikasamalidwa cikhala zaka, ndipo zotsalira zake zikhala zomangira pagoli ndi mkwapulo.

Macenjezo awiri

Loyamba: ng'ombe kapena mbuzi yofa yokha mwadzidzidzi, makamaka ikamatuluka magazi m'mphuno ndi kumbuyo, tisaisende. Nthenda ya anthrax imakhala m'cikopa ngakhale citauma, ndipo imagwira munthu. Tidziwitse alangizi a ziweto.

Laciwiri: pofuna zitsulo tisatole ciliconse ca m'chire. Boma linalengeza mu 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa, komabe zotsalira za nkhondo zimapezeka apa ndi apo. Citsulo cimene simucidziwa musacikhudze, musaciike pamoto. Uzani a mfumu.

Nchito ya sabata ino

Inu a m'makalasi a kuwerenga, pitani kwa agogo amene ankafufuta zikopa m'mudzi mwanu, mutenge kope ndi pensulo. Afunseni dzina la cida ciliconse, mtengo umene ankasemera cigwiriro, ndi mafuta amene ankapaka. Lembani monga achulira iwo, mujambule ndi cithunzi cake. Mukatero apempheni akuonetseni ndi manja, cifukwa zina sizilowa m'kope. Ndipo mbuzi ikaphedwanso pakhomo panu, cikopaco musaciponyenso patsindwi.