Zanzibar kapena Ilha de Moçambique: banja lipite kuti kukaona nyanja yamchere?

Munthu wobadwira ku Nkhotakota, ku Chipoka kapena ku Malembo sangauzidwe za mchenga ndi mafunde. Ambirife tinadziwa kusambira tisanadziwe kulemba dzina lathu, ndipo fungo la usipa pa thandala tingalizindikire ngakhale titatsinzina. N'chifukwa chake achibale ena amaseka akamva kuti banja la kunyanja lakhala likusunga ndalama chaka chathunthu kuti likapume kunyanjanso. Amati, "Madzi mwawasiya pakhomo, mukukafuna madzi ati?" Koma amene anafikako ku nyanja yamchere amadziwa kuti ndi ina ndithu. Madzi ake amachoka kawiri pa tsiku n'kubweranso okha, ndipo mwana wa msodzi amaima kukamwa kuli yasa kuona ngalawa zitakhala pa mchenga pamalo pomwe m'mawa panali pakuya.

M'macheza a pambuyo pa swala ya Ijumaa, nkhani imeneyi ikabuka pamatchulidwa zilumba ziwiri. China ndi Zanzibar m'dziko la Tanzania, china ndi Ilha de Moçambique m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Kupita konse kuwiri n'kosatheka kwa ambirife. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse yomwe bambo wagula imakhala ndi thukuta lake, ndipo ulendo wotere banja limayenda mwina kamodzi ana asanakule n'kubalalika. Tsono kusankha molakwika ndi kutaya chinthu chosabwereranso.

Mayina awiriwa si achilendo kwa makolo athu. M'zaka za m'ma 1700 Ayao ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo ku Mossuril, tsidya loyang'anizana ndi Ilha, malonda awo asanatembenukire kwambiri ku Kilwa. Cha m'ma 1840, pamene Seyyid Said wa ku Oman anali atakhazikitsa likulu lake ku Zanzibar, Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota nakhala Jumbe woyamba. M'njira zimenezi munadutsa nsalu, mikanda, mawu a Chiswahili amene agogo amalankhula mpaka lero, ndiponso masheikh ndi mabuku awo. Munadutsanso akapolo, ndipo ichi sitiyenera kubisira ana. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873 m'nthawi ya Sultan Barghash, ndipo pamalopo, ku Mkunazini, panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Alendo amaonetsedwa tizipinda tapansi, totentha ndi tamdima. Ena mwa anthu amene anagulitsidwa pa msika umenewo anachokera m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja yathu yomwe ino. Ife tikuona kuti mwana wa zaka khumi akhoza kulowamo, bola kholo likhale pambali pake.

Njira ndi thumba

Kwa anthu a ku Mangochi, Ilha ili pafupi kuposa m'mene ambiri amaganizira. Mukwera chitunda cha ku Namwera, mudinditsa pasipoti pa Chiponde, ndipo mwalowa Mandimba. Kuchoka apo ndi Cuamba, kenaka Nampula, ndipo kuchoka ku Nampula kukafika kunyanja kudzera ku Monapo ndi makilomita pafupifupi 180. Ulendo wonse ndi makilomita opitirira pang'ono 700. Kumapeto kwake kuli mlatho wa makilomita opitirira atatu, womangidwa m'zaka za m'ma 1960, wopapatiza moti galimoto zimadikirana m'malo opatukira. Choncho pa chilumba ichi mumafika muli m'galimoto, nkhani yomwe amayi ena oopa sitima angaikonde.

Ku Zanzibar ndi ulendo wautali kuwirikiza kawiri ndi kupitirira apo. Mumatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga, kuoloka pa Songwe, kukafika ku Mbeya, ndiye basi ya tsiku lathunthu kupita ku Dar es Salaam. Ndi ana aang'ono muwerengere masiku awiri kapena atatu, kupita kokha. Ku Dar es Salaam mumakwera sitima yothamanga yomwe imatenga maola awiri. Ife ozolowera Ilala tingaone ngati masewera, koma m'miyezi ya mphepo mafunde a kumeneko amasanzitsa ndi asodzi omwe. Gulani matikiti pa ofesi yeniyeni ya kampani, osati kwa anyamata okuthamangirani pa geti, ndipo sitima yodzaza mopitirira musakwere. Anthu a ku Zanzibar sanaiwale Spice Islander yomwe inamira mu Seputembala 2011 ndi Skagit mu Julayi 2012. Ndege zochoka ku Lilongwe kupita ku Dar es Salaam zilipo, koma banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi likawerengera mtengo wake nkhani imathera pomwepo.

Mmalawi safuna viza pa ulendo waufupi m'maiko onse awiri, koma mwana aliyense ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake. Dziwaninso kuti mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayamba kulamula alendo akunja kugula inshuwalansi yake, pa mtengo wa madola 44 munthu mmodzi. Funsani mtengo wa tsopano ndi wa ana musananyamuke, chifukwa kwa banja lalikulu ndalama imeneyi yokha ndi malo ogona a masiku angapo.

Pa chilankhulo Zanzibar ndiyo yapafupi. Amene ali ndi Chiswahili cha ku madrasa kapena cha pa msika wa ku Nkhotakota sasowa chonena, ndipo Chingerezi chimamveka pafupifupi paliponse pofika alendo. Ku Ilha anthu amalankhula Chimakhuwa ndi Chipwitikizi. Wodziwa Chilomwe amatola mawu apa ndi apo, koma Chingerezi chokha chingakusiyeni mukulozaloza ndi chala pa msika.

Gombe lenileni

Apa m'pofunika kunena zoona, pakuti ana akufuna mchenga ndi madzi, osati mbiri. Ilha ndi kachilumba kakang'ono zedi, makilomita atatu m'litali ndipo m'lifupi sikapitirira mamita 500. Munthu amakazungulira wapansi m'mawa umodzi. Kumpoto kuli tauni ya miyala: linga la São Sebastião lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1558, kachalichi ka mu 1522 kumapeto kwake, ndi nyumba ya abwanamkubwa yomwe lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Likulu la Apwitikizi linali pomwepa kufikira mu 1898, ndipo bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa m'ndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1991, zaka zisanu ndi zinayi Stone Town ya ku Zanzibar isanalowepo. Kumwera kuli Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri, m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, zothinana m'maenje momwe kale ankakumbamo miyala yomangira tauni ija.

Kuthinanaku kuli ndi zotsatira zake. Zimbudzi n'zochepa, ndipo mbali zina za gombe la pachilumbapo si zoti n'kukhazikapo mwana. Sitikunena monyoza ayi, popeza vuto lomweli tili nalo m'madooko athu ena ndipo kolera timaidziwa. Osambira amapita cha kulinga kuja. Koma mchenga woyera weniweni uli tsidya lina, ku Cabaceira Pequena ndi ku Chocas-Mar, kapena pa kachilumba ka Goa komwe kali ndi nsanja ya nyali yowongolera zombo. Kumeneko mumapita pa chombo cha matanga, ndipo tsiku lililonse lomwe mwafuna gombe mumalipira chombo. Malowo ndi okongola ndiponso achete, nthawi zina mumakhala nokha banja lonse, koma sitolo kapena chipatala zili kutali. Mutenge madzi akumwa, chakudya ndi zovala zoyandamitsa ana.

Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndi cha makilomita pafupifupi 85 m'litali ndipo magombe ake ndi ambiri, koma si ofanana. Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, madzi sachoka patali, moti mukhoza kusambira nthawi iliyonse. Kumeneko n'kumenenso kwadzaza mahotela, mabala ndi nyimbo za usiku, ndi alendo ovala zomwe bambo sangakonde kuyang'ana ali ndi apongozi. Mu 2021 boma linachenjeza alendo kuti azivala modzilemekeza m'tauni ndi m'midzi, koma pa mchenga pamakhala zina. Kum'mawa, ku Jambiani ndi ku Bwejuu, moyo ndi wa m'mudzi. Adhana imamveka kuchokera pa mzikiti wapafupi, ana a madrasa amadutsa ndi mabuku awo, ndipo madzi akaphwa amayi amalowa m'nyanja atavala bwinobwino kukalima ndere zomwe amazitcha mwani. Mayi wosambira ndi diresi lalitali ndi mpango palibe amene amamucheukira.

Za kuphwa kwa madziku tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife a nyanja yopanda mchere timapusitsika. Ku gombe la kum'mawa madzi amachoka mtunda wa mamita mazanamazana, n'kusiya matope oyera, miyala ndi timaiwe tokhala ndi tinsomba. Ana amathamangira komweko, ndipo zimakhala zokondweretsa. Koma pakatha maola asanu ndi limodzi chichokereni madziwo amakhala atadzazanso, ndipo pobwera amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu. Nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku ndi tsiku, choncho za dzulo si za lero. Ife amene timawerenga masiku ndi mwezi tili ndi mwayi apa: madzi amachoka kutali kwambiri, n'kubwera ndi mphamvu, mwezi ukangooneka kumene ndiponso ukakhala wathunthu. Funsani eni nyumba m'mawa uliwonse. Ana avale nsapato za pulasitiki chifukwa m'miyalamo muli tizilombo takuda ta minga yaitali yomwe imathyokera m'phazi. Chotonthoza n'chakuti likodzo, ng'ona ndi mvuu kulibe.

Pa zakudya ndi mapemphero zilumba zonse ziwiri sizivuta, poti eni ake ambiri ndi Asilamu. Ku Ilha mzikiti waukulu wobiriwira uli m'mphepete mwa madzi penipeni, pomwe asodzi amakocheza. Amayi a kumeneko amadzola nkhope ndi mussiro, ufa woyera wa mtengo, ndipo gule wawo wa tufo, yemwe amavina atavala nsalu zofanana, angakumbutse ena za madufu a pa Maulidi kwathu kuno. Ku Zanzibar mizikiti ili pangodya iliyonse ya Stone Town, ndipo amene ali ndi tsiku lapadera apite ku Kizimkazi kumwera, kumene pa khoma la mzikiti pali malemba a chaka cha 500 cha Hijra, chomwe ndi 1107. Madzulo ku Forodhani amawotcha nyama ndi nsomba pabwalo, pamodzi ndi msuzi wa urojo ndi madzi a nzimbe. Funsani mtengo musanadye. Dagaa wawo ndi m'bale wa usipa, koma ana adzafuna kulawa pweza, chamoyo cha miyendo isanu ndi itatu chija. Kwa otsatira Imam Shafi'i, monga ambiri a ife, za m'nyanja zoterezi n'zololedwa, pamene abale athu a Chihanafi amadya nsomba zokha. Nyumba yaikulu ya Beit al-Ajaib, yomwe imaoneka pa zithunzi zambiri, inagwa mbali imodzi mu Disembala 2020, tsono musalonjeze ana kuti akalowamo musanafunse.

Nyengo ndi mtendere

Tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti ndicho chabwino konse kuwiri. Ndi nthawi ya mphepo ya kusi, yomwe imawomba miyezi yomweyo mwera ukuvutitsa asodzi athu, choncho kunja kumakhala kouma ndi kozizira bwino. Ku Zanzibar mvula yaikulu imagwa kuyambira Marichi mpaka Meyi, ndipo ina yochepa cha mu Novembala. Ku Ilha, tchuthi cha Disembala sitikuchilimbikitsa. Gombe limenelo lili pa njira ya anamondwe: Gombe anagwera m'dera lomweli mu Marichi 2022, Dikeledi mu Januwale 2025, ndipo Jude mu Marichi chaka chomwecho. Ife amene tinaona Freddy mu 2023 sitifunika kuuzidwa zomwe zimachitikira milatho. Onaninso kalendala ya Ramadan, yomwe imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Kusala mukhoza kusala kulikonse, koma tsiku lathunthu padzuwa la pagombe ndi ana osasala si kupuma.

Pali chinanso cholemera. Kuyambira mu Okutobala 2017 kwakhala nkhondo ya zigawenga m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo mu Seputembala 2022 ziwembu zinafika m'maboma a Memba ndi Eráti, kumpoto kwa chigawo cha Nampula. Ilha ili kumwera kwa maderawo, ndipo msewu wa Cuamba ndi Nampula sudutsa kumeneko, komabe zipata za asilikali ndi apolisi zimakhala zambiri. Mapepala anu akhale okwanira ndiponso pafupi. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinatsekanso misewu m'madera ambiri a Mozambique. Musananyamuke mverani nkhani, ndipo funsani madalaivala a pa Chiponde amene adutsa msewuwo sabata yomweyo.

Tikafunsidwa kuti ife tingasankhe chiti, yankho lathu ndi ili. Banja lomwe lili ndi ana aang'ono, ndipo chomwe likufuna ndi kudzuka n'kuponda mchenga pakhomo pomwe, lipirire ulendo wautali lipite ku Zanzibar, likagone masiku awiri ku Stone Town ndi otsalawo ku Jambiani, m'nyumba yokhala ndi khitchini kuti mayi aziphika okha nsomba za pa dooko. Kudya m'mahotela katatu pa tsiku ndiko kumamaliza ndalama. Koma banja la ku Mangochi, Namwera kapena Makanjira lomwe ana ake ndi a ku sekondale, thumba lake n'lopepuka, ndipo lili ndi mmodzi wotha kupempha madzi m'Chipwitikizi, Ilha ingalipatse sabata yabwino pa mtengo wotsika, malinga ngati kuli bata ndipo ndi mwezi wa Ogasiti. Amenewa asinthiretu kwacha zawo kukhala meticais asanafike kutali ndi malire, popeza ku Nampula kwacha palibe amene angailandire.